Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kukazonda Joni

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene malaiti anayamba kutizunza. Amene munali ku Chipata mu 2015 mukukumbukira: madzi anachepa ku Kariba, magetsi n'kumazima maola 8 pa tsiku. Wogulitsa tomato pa Kapata ankadandaula za mdima chabe, koma ife owotcherera zitsulo ntchito inaima. Geti la masiku awiri linkagona pa shopu sabata yathunthu, mwini wake n'kumabwera m'mawa ndi madzulo kudzandiwerengera machimo. Kwacha nayo inagwa. Chaka chinayamba dola ili pa K6 ndi kanthu, pofika Novembala inali itadutsa K12, ndipo mtengo wa marodi owotcherera ndi machubu ku Down Shops unkasintha munthu uli m'njira.

Mu Ogasiti, nthawi ya Kulamba, kunabwera alamu anga, achimwene awo a mai a kunyumba, amene anali atakhalitsa ku South Africa. Anafika ndi nsapato zowala ndi foni yaikulu. Tili pa Mkaika kuonerera gule anandikokera pambali nati, "Alamu, manja anuwa mukuwawonongera kuno. Gulitsani makinawo tizipita."

Mai a kunyumba atamva sanakane, komanso sanavomere. M'mwezi wa Epulo chaka chomwecho tinali titaona pa TV alendo akuthamangitsidwa ku Durban ndi ku Johannesburg, a ku Malawi akubwerera kwawo pa mabasi a boma, ena ndi kajumbo kokha. Iwo anati, "Pitani mukaone ndi maso anu, koma makina sagulitsidwa, ndipo ana sachoka pa sukulu mpaka mutabwera ndi chogwirika." Amalume anga kumudzi ku Katete anagwirizana nawo. Atate awo anapitako ku migodi pa Wenela, bungwe limene linkatenga anthu kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, boma la a Kaunda lisanaletse zimenezo mu 1966, ndipo nkhani za matchona a m'mudzi mwathu amazidziwa dzina ndi dzina. Anangoti, "Mphwanga, kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Ukagule tikiti yobwererera usanadye ndalama."

Ndinanyamuka mu Novembala, mvula isanagwe. Za njira sinditalikitsa: Great East Road, mlatho wa Luangwa, kugona pa benchi pa Intercity ku Lusaka, kenako basi ya ku Joni yodzera ku Chirundu, Harare ndi Beitbridge. Pa Beitbridge m'pamene ndinaima pamzere mpaka miyendo kuchita dzanzi. Ofisala anandifunsa chimene ndikukachita, ndinati kukaona alamu, ndipo sindinaname. Ife a Zambia sitifunika viza pokacheza, amangodinda masiku mu pasipoti. Koma chidindocho ndi cha mlendo, sichilola munthu kugwira ntchito. Kufunsa ntchito ungafunse, kuigwira ayi.

Alamu anandichingamira pa Park Station, n'kunditengera ku Tembisa. Nyumba imene ankaitchula ku Mkaika ija inali kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya eni, ogonamo anthu atatu: iwo, mnyamata wa ku Mchinji ndi wina wa ku Angonia. Chimbudzi ndi mpopi zinali za bwalo lonse. Sindikuwanyoza alamu anga, anandisunga bwino, ndipo munthu aliyense akamapita kwawo amavala zabwino. Koma lendi ya kachipindako, nditaisintha m'makwacha, inkakwana nyumba yonse imene tinkakhala ku Chipata. Ntchito yawo inali ya ulonda, usiku mpaka m'mawa, motero masana akagona ine ndinkayenda ndekha. Anandiphunzitsa zinthu ziwiri: kuimitsa takisi ndi zala, chifukwa kumeneko chala choloza m'mwamba ndiye kuti ukupita m'tauni, ndi kusayankha foni m'Chichewa mokweza uli pakati pa anthu osawadziwa.

M'mawa uliwonse ndinkalowera ku mafakitale a ku Isando ndi Spartan, kufupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo, nditanyamula envulopu ya satifiketi yanga ya TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja kwathu, ndi zithunzi za mageti amene ndinapanga. Pa mphambano zambiri pankakhala amuna atagwira makatoni olembedwa ntchito zawo, uyu wopenta, uyu wa mapaipi, uyu womanga, kudikira kaveni koima. Ambiri anali a ku Zimbabwe, Malawi ndi Mozambique. Ine ndinkagogoda pa mageti. M'malo ambiri ndinkathera pa mlonda, ena ankalandira pepala langa osaliyang'ana.

Kumene ndinalowa mkati kunali ku kampani yaing'ono yopanga matirela. Kapitawo wake, Mzulu wachikulire, sanafune kuona zithunzi. Anandipatsa zitsulo ziwiri ndi chipewa, nati ndizilumikize choimirira, kuchokera pansi kupita m'mwamba. Pa marodi sanandipeze chifukwa, anagogoda ndi nyundo, n'kugwedeza mutu. Kenako ananditengera pa makina ena amene iwo amangowatchula kuti CO2, otulutsa okha waya ndi mpweya, ndipo ine ndinali ndisanawagwirepo, poti kwathu tonse tinakulira pa marodi. Mzere woyamba unatuluka ngati ndowe za nkhuku. Mkuluyo anaseka, nandigwira dzanja kundionetsa liwiro lake, ndipo pofika masana mzere unayamba kuwongoka. Anati sabata ziwiri zikhoza kundikwanira.

Mwini kampani ndiye anandikhazika pansi. Anali mzungu wolankhula mosazungulira. Anati njira zilipo ziwiri. Yoyamba, ndiyambe Lolemba, azindilipira pamanja Lachisanu lililonse, dzina langa lisalembedwe paliponse, ndipo tsiku limene a boma adzabwere iye sadzandidziwa. Yachiwiri, andilembere kalata yolonjeza ntchito, ndibwerere kwathu ndikatenge viza yogwirira ntchito. Kuchokera mu Meyi 2014 malamulo anali atasintha, munthu wolowa ngati mlendo sakanathanso kusintha mapepala ali m'dzikomo, ankayenera kukapempha kudziko la kwawo, kwa ife ku Lusaka. Anandiwerengera zofunika pa zala: satifiketi yanga iunikidwe ndi a SAQA, bungwe la kumeneko loona za masatifiketi, kuti aone ngati ikufanana ndi zawo, kalata ya apolisi yosonyeza kuti ndilibe mlandu, ya dokotala, ekiselo ya pachifuwa. Chovuta kwambiri chinali kwa iyeyo, chifukwa ankayenera kukhutiritsa unduna wa zantchito kuti anasakasaka nzika ya dzikolo yodziwa ntchitoyo koma sanaipeze. "M'dziko muno owotcherera osowa ntchito ndi ambiri," anatero, "ndiye usandifunse kuti zitenga miyezi ingati."

Usiku umenewo m'kachipinda muja munali bwalo. Mnyamata wa ku Mchinji anati ndisapuse, ndiyambe Lolemba, mapepala ndi nkhani ya anthu olemera. Iye masiku ake anatha kalekale ndipo ankagwirabe ntchito. Ndinamufunsa kuti anapita liti kwawo komaliza. Sanayankhe, anayankha ndi alamu: amai ake anamwalira chaka chapitacho, iye anangotumiza ndalama ya bokosi. Lamulo lomwe lija limati ukapitirira masiku ako, potuluka pa boda amakuletsa kulowanso chaka chimodzi, ndipo ukapitirira ndi masiku oposa 30 zimakhala zaka 5. Choncho munthu satuluka. Amakhala akuzemba apolisi, ndalama ya m'thumba yokonzekera kupepesera, akuopa kutengeredwa ku Lindela kumene amasungira odikira kubwezedwa kwawo. Akamulipira mopereweza alibe kokadandaula. Amalume anga akanamuona akanati matchona sanathe.

Ine sindiweruza aliyense amene anasankha njira imeneyo, chifukwa njala ya munthu amaidziwa mwini. Anthu ambiri a kwathu amanga nyumba za malata ndi ndalama zopezeka motero. Koma ine ndinali ndi makina anga, makasitomala anga ndi ana awiri a sukulu, ndiye kusinthanitsa zonsezo ndi malipiro a pamanja opanda dzina kunali kutaya. Chimene ulendowo unandionetsa n'chakuti ntchito kumeneko inalipo ndithu, alamu sananame, koma chitseko chake chinali ku Lusaka.

Ndinakatenga kalata ija. Bwanayo anandiuza kuti sakundiyembekezera msanga, poti mafakitale ambiri amatseka pakati pa Disembala mpaka Januwale. Masiku otsalawo ndinkapita kwa kapitawo uja madzulo kukaonerera makina a waya, osalandira kanthu, ndipo ndinalemba m'kabuku mitengo ya zonse: lendi, takisi, ufa, mafuta ophikira, ndalama yotumizira ndalama. Ndili pafupi kunyamuka, pa 9 Disembala, a Jacob Zuma anachotsa nduna ya zachuma a Nhlanhla Nene, randi n'kugwa usiku womwewo. Alamu, amene ankasunga ndalama yoti adzatumize pa Khirisimasi, anakhala pa bedi akuwerenga ndi kuwerenganso pa foni.

Ndinatuluka pa Beitbridge masiku anga asanathe, pasipoti ili yoyera. Ndinagula chipewa chowotcherera chodzidetsa chokha, nsapato za ana ndi bulangete la apongozi.

Kunyumba ndinapeza mai atadzala kale, mvula ikuchita njomba, chimanga chikufota chisanafike m'mawondo. Anawerenga kalata ya mzungu, kenako kabuku kanga ka mitengo, ndipo pa kabukupo m'pamene anakhalitsa. Anatenga pensulo, nachotsera lendi, chakudya ndi mayendedwe pa malipiro olonjezedwawo, naonjezera za mapepala ndi maulendo a ku Lusaka. Atamaliza anati, "Atate ake, zotsalazi n'zochepa kuposa zimene achimwene ankanena zija, koma zikuposa za kuno. Yambani mapepalawo. Tigulitse nshawa, makina akhale."

M'gawo lotsatira ndidzakusimbirani za mapepalawo, kuyambira tsiku limene ndinapita kukadinditsa zala kupolisi, ndi zimene amalume ananena atamva kuti mphwawo akubwereranso ku Joni.