Tinapita kukasaka mzere wa 14 kufupi ndi Katete

Anzanga a kalabu ya jogalafe munati ndilembe za ulendo wa pa Chiweru uja, ndiye nazi, amene simunabwere musandide.

Chinayambitsa zonse ndi mnyamata wina wa giredi 8 amene anandifunsa mkalasi kuti aticha, mizere ya latitude ndi longitude ili pa mapu ija anailemba ndi penti yanji pansi kuti isafufutike ndi mvula? Anzake anaseka koma ine ndinaona kuti oseka aja nawonso sakudziwa, angoloweza kuti latitude ndi yogona, longitude ndi yoimirira basi. Ndiye tinapempha ahedi, makolo anasonkha ya mafuta, tinapeza minibasi yoti tikasake mzere wa latitude 14 kufupi ndi Katete.

Tisananyamuke tinaima pabwalo la sukulu yathu ku Chipata nkutsegula GPS pa mafoni atatu. Chipata ili pa madigiri 13 ndi maminitsi pafupifupi 38 kumwera kwa Equator, komanso madigiri 32 ndi maminitsi pafupifupi 39 kummawa kwa Greenwich. Apa panali kale mkangano, mtsikana wina akuti maminitsi alowa bwanji pa nkhani ya malo, si za wotchi zimenezo? Amadamu anzanga anawafotokozera kuti digiri imodzi imagawidwa pa 60, ndipo digiri ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111, ndiye miniti imodzi ndi kuchepera pang'ono makilomita awiri. Tinawapatsa samu, kuchoka pa 13°38' kukafika pa 14° ndi mtunda wanji? Anapeza 41 kapena pamenepo. Adalaivala omwe amamvetsera chapatali anangoti pepani aticha, Katete ine ndimapita daily, ndi makilomita oposa 80, samu yanuyo yanama.

Sinaname ayi, ndipo apa ndi pomwe ulendo unakoma. Great East Road sipita kumwera molunjika, imapendekera kumadzulo, ndiye mwana wogwira foni amawerenga mokweza manambala, wina akulemba mu kope, ndipo anaona okha kuti ya latitude ikukwera pang'onopang'ono pomwe ya longitude ikutsika. Titadutsa Mtenguleni kuja kumachitikira Nc'wala ana anasiya kuimba, aliyense khosi pa foni ngati akuonera bola. Netiweki inathawa pena pake koma manambala amayendabe, poti GPS imamva ma satelayiti, sifuna ma bandulo, ichi ngakhale ine ndinachitsimikiza tsiku lomwelo.

Tili pafupi kulowa Katete foni inati 13°59', phokoso lake, adalaivala imani imani! Tinatsika nkuyenda wapansi mmbali mwa msewu mpaka inakwana 14°00'. Panalibe chilichonse. Munda wokolola kale, mapesi, mbuzi ziwiri, ndi agogo ena amene anatifunsa ngati tataya ndalama. Mnyamata wa penti uja anayang'ana pansi nthawi yaitali ndithu kenako anati ndiye mzerewu uli mmutu chabe? Ndinati eya, koma ngakhale uli mmutu unagawa anthu. Pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la 1891 linatchula latitude 14 yomweyi podula malire, ndipo pomwe Zambia, Malawi ndi Mozambique zimakumana ndi pa mzere umenewu chakummawa kwathu. Achewa a mbali zitatu zonsezi amabwerabe ku Mkaika pa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ana anajambula mzere ndi makala pa mwala, phazi lina uku lina uko, mafoto mbwee.

Nkhomaliro tinadya pa Katete, vitumbuwa ndi nzimbe, za ichi palibe chonena kupatula kuti wina anaiwala kope lake pa shopu.

Longitude ndiyo inandivuta kuionetsa, chifukwa 0 wake ali kutali ku Greenwich ku London, malo amene maiko anagwirizana mu 1884 kuti akhale poyambira. Ndinangowauza kuti dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, kutanthauza maminitsi 4 pa digiri, ndipo wotchi ya Zambia yonse imatsata 30° kummawa ngakhale dziko lathu latambalala kuchoka cha pa 22° mpaka cha pa 33°. Amangogwedeza mitu, mwaulemu chabe, ndinaona.

Pobwerera dzuwa linalowa tili pafupi kufika mtauni, mapiri ayamba kuda. Mtsikana wa wotchi uja anabwereka foni yanga kuimbira azakhali ake ku Mongu, komwe ndi cha pa 23°, anaika pa laudi nkufunsa kuti azakhali kwada uko? Iwo anati kuda chani mwanawe, dzuwa likadalipo, ndikuanula chinangwa panja. Basi yonse zii, kenako kumbuyo wina anayamba kuwerenga ndi zala, madigiri naini ndi hafu a pakati pa Chipata ndi Mongu kuchulukitsa ndi folo, anakuwa kuti maminitsi 38! Adalaivala anati nawonso awaimbire achimwene awo ku Lusaka aone, tinawaletsa poti anali pa chiwongolero.