Kumanganso mudzi wa a Pueblo pa kompyuta, zomwe ndikuphunzirapo

Temu ino mu kosi yathu ya zosunga mbiri ndi chikhalidwe tapatsidwa asayimenti yomanganso Cliff Palace mu 3D, mudzi wa makolo a anthu a Pueblo (mtundu wa eni nthaka a ku America) womwe uli m'phanga lalikulu ku Mesa Verde, Colorado, ku America uko. Unamangidwa cha m'ma 1190 mpaka m'ma 1270, zipinda pafupifupi 150 ndi ma kiva 23 (zipinda zozungulira zokumba pansi zochitiramo miyambo), koma anthu ankakhalamo akuti anali ngati 100 basi chifukwa zipinda zambiri zinali zosungiramo zakudya.

Makoma sivuto kwenikweni. Masiku ano amangoyika makina a laser kapena kujambula zithunzi zambirimbiri mbali zonse, kompyuta nkuzilumikiza, ndiye iwe umangotenga nkuyamba kukonza mu Blender, pulogalamu yopangira zinthu za 3D. Ngakhale zaka zake sitikuchita kulota, mitengo ina ya denga ikadalipo ndipo amawerenga mizere ya mkati mwake mpaka kudziwa chaka chomwe mtengowo unadulidwa, njira yomwe wasayansi wina wa ku America, A. E. Douglass, anaikhazikitsa bwino mu 1929. Mizere yomweyo ndi imene imaonetsa chilala choopsa cha 1276 mpaka 1299, ndipo pofika 1300 anthu anali atasamukira kumwera.

Mutu umayamba kuwawa ukafuna kuyikamo anthu. Scan imakupatsa mudzi wopanda denga, wofumbirira, ngati munalibe moyo, pomwe makoma ena anali ozira bwinobwino mpaka kupentedwa zofiira ndi zoyera, ndipo maenje ozungulira amene alendo amasuzumiramo lero, ma kiva aja, anali ofoleredwa, pamwamba pake ndi pomwe panali bwalo, ana kuthamangapo, kulowa mkati kunali kutsika pa makwerero pa bowo la padenga. Zinazi umboni ulipo, mwaye wakuda kudenga la phanga umakuuza pomwe pankayaka moto, mphero zoperera chimanga zimapezeka zitandandalikidwa pamodzi ndiye ukudziwa kuti kupera sinali ntchito ya munthu mmodzi, nyemba, maungu, nkhukundembo zomwe nthenga zake ankapangira mabulangete. Koma mayi amene akupera uja wavala chani, tsitsi walimanga bwanji, akuyimba kapena ali chete? Apa mpomwe munthu wa 3D amayamba kunama mosadziwa, ndipo bodza la pa kompyuta limaoneka bwino heavy, mwana wa sukulu akavala VR, magalasi okuonetsa ngati uli momwemo aja, sangafunse kuti izi mwazitenga kuti. Ine ndasankha kuti zomwe zili ndi umboni zizioneka ndi mtundu wake weniweni, zongoganizira zikhale zotuwa pang'ono, ena mu gulupu akuti zikuononga kukongola koma ayi ndithu bola choncho.

Kenako nkhani ya kiva. Anthu awa sanathe ayi, zidzukulu zawo zilipo, a Hopi ku Arizona, a Zuni, Acoma ndi midzi ina ya a Pueblo ku New Mexico, ndipo ma kiva akugwirabe ntchito pa miyambo mpaka lero. Kamangidwe kake ndingaonetse, pamoto, njira yolowetsa mpweya, ndi kabowo kakang'ono pansi kotchedwa sipapu. Koma kupanga animation ya mwambo mkatimo? Ife timadziwa kuti kudambwe sulowa ndi kamera ngakhale utanena kuti ndi zamaphunziro. Komanso anthuwa analandidwapo kale, mu 1891 wofufuza wina wa ku Sweden, Gustaf Nordenskiöld, anafukula mafupa a makolo awo nkupita nawo, anakathera ku Finland, anabwezedwa mu 2020, ndiye akamakayikira munthu wobwera ndi scanner sakulakwitsa.

Mu model yanga kamera ikungofika pa makwerero nkukhota kupita kwa opera chimanga. Chatsala ndi utsi wa pabwalo, laputopu yanga ikungohang'a ndikangoyesa ku renda (kutulutsa zithunzi zomaliza), mwina ndingochotsa ma nkhukundembo ena achuluka kale.