Alamu awiri anandigwiritsa fuwa la moto ku Namib

Ndinagula kamera ya pulani yake, yolemera ngati njerwa, nde mumtima ndimvekere basi zatheka, zithunzi za m'chipululu zofiira psuu zimene timaziona pa intaneti zija nanenso ndikajambula. Ndinkaganiza kuti chinsinsi chonse ndi kamera. Za kuwala kwa dzuwa sinnkazilabadira olo pang'ono, dzuwa si ndi dzuwa basi, komanso m'chipululu lingasowe?

Tinapita ku Sossusvlei, m'chipululu cha Namib ku Namibia, ine ndi alamu anga, achimwene awo a madam. Tinagona mutenti pa Sesriem, mkati mwa geti la paki, chifukwa ogona mkati amaloledwa kunyamuka kutatsala ola limodzi kuti dzuwa lituluke, pamene akunja amadikira mpaka litatuluka. Usiku ndimvekere alamu, mawa tidzuke 5 koloko. Iwo amvekere musadandaule alamu, ndatchera alamu. Ndinagona mtima uli m'malo, alamu awiri akundilondera, wa pafoni ndi wa miyendo iwiri.

Tinadzuka 9 koloko tenti itatentha ngati uvuni. Wa pafoni uja anamutchera 5 koloko yamadzulo, wa miyendo iwiriyo anali akuliza mkonono ngati jenereta. Koma ine ndimvekere zilibe kanthu, bola dzuwa lachuluka, ndekuti zithunzi ziwala bwino. Umbuli ndi matenda aise.

Kuchoka pa Sesriem kukafika kumeneko ndi makilomita pafupifupi 60 pa tala, kenako ena 5 a mchenga wokhawokha ofuna galimoto ya 4x4, kenakonso uyende wapansi kilomita imodzi kuti ufike ku Deadvlei. Tinafika dzuwa lili paliwombo. Anthu onse a makamera tinkakumana nawo akubwerera, akutiyang'ana ngati akuona anthu ofika pamaliro atakwirira kale.

Malowo ndi okongola, sinnganame. Pansi ndi dongo loyera mbee, louma long'alukang'aluka, pamene kale mtsinje wa Tsauchab unkafikitsapo madzi milu ya mchenga isanautseke njira. Mitengo yake inafa zaka zoposa 600 zapitazo koma siinawole chifukwa kuuma kwake nkosanena, yangoima yakuda bii. Pambali pali Big Daddy, mulu wa mchenga wa mamita pafupifupi 325. Ndinajambula, tcheke tcheke tcheke, kuyang'ana pa sikirini... mbuu. Mchenga wofiira uja ukuoneka ngati bulangete lakale losuluka. Dongo loyera lija latuluka lotuwa ngati phulusa, chifukwa kamera ikaona zowala kwambiri imadzichepetsera yokha kuwala, izi ndinazidziwa pambuyo pake. Timizeremizere ta pamchenga timene mphepo imalemba tija osaoneka olo kamodzi, poti dzuwa likakhala pamutu chithunzithunzi chilichonse chimabisala pansi pa mwini wake. Zakutali zonse zikunjenjemera ndi kutentha ngati ukuyang'ana pamwamba pa moto.

Nde apa ndi pamene ndinapanga chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbuka ndimadziphimba kumaso ndekha. Ndinatsegula fulashi. Ee, fulashi, kakang'ono kapamwamba pa kamera kaja, kamene kamafika mamita atatu kapena anayi, ine ndikufuna kaunikire phiri la mamita 325 masana dzuwa likuswa mtengo. Ng'ani! Palibe. Ndinasendera pafupi masitepe awiri. Ng'ani! Alamu anga amvekere mwina musendere kawiri kena.

Posendera pamenepo patapata linaduka. Phazi kuponda mchenga, amayi inu! Ndinavina gule amene sanayambe wavinidwapo, mwendo umodzi m'mwamba, kamera ikundimenya pachifuwa, alamu akuseka mpaka kukhala pansi, kenako naonso kudzuka liwiro poti matako anapsa.

Panali agogo ena ake achizimayi, chipewa chachikulu, akupinda thirayipodi yawo, choimikapo kamera cha miyendo itatu chija, pafupi ndi kanjira. Anandiyang'ana nthawi yaitali kenako amvekere mwana wanga, dzuwa la nthawi ino ndi loyanikira zovala. Anandionetsa zawo za m'mawa womwewo, malo omwewo, mtengo womwewo. Aise. Kumbuyo mchenga ukuyaka ngati makala, pansi padakali mthunzi wobiriwira ngati madzi, mitengo ili bii pakati, ngati wina wachita kujambula ndi penti. Amvekere dzuwa likamatuluka limagunda kaye mulu wa tsidya ilo, pansi pano pakadali mumthunzi wa mulu wa kum'mawa, ndipo zimenezi zimakhala mphindi zochepa chabe. Likakhala pansi limamenya mchenga cham'mbali, mbali ina kuwala ina mdima, mpamene msana wa mulu umaoneka wakuthwa ngati mpeni. Kufiirako nkwa dzimbiri la chitsulo lomwe lili mumchengamo, koma limafuna dzuwa lofiira lomwe kuti lidzuke. Ine ndimvekere agogo, kamera yanu ndi ya mtundu wanji? Anangopukusa mutu.

Usiku umenewo sinnadalire alamu aliyense. Ndinakopera zithunzi zanga zotuwa zija mu laputopu, ndinatchaja batire, ndinapukuta lenzi, nkukhala tsonga mpaka mbandakucha. Kuzizira kwake, iwe, chipululu chomwe chinandiwotcha phazi chija usiku chimasanduka fuliji. Geti kungotsegulidwa tinali achitatu pamzere. Tinadutsa mulu wa mchenga wotchedwa Dune 45 anthu akukwera ngati nyerere, ife osaima.

Ndipo zinachitikadi monga ananenera agogo aja. Mulu wa tsidya unayamba kuyaka kuchokera pamwamba, moto ukutsika pang'onopang'ono, mitengo ili chete. Tsitsi linandiyima. Ndinagwada, ndinagona chafufumimba, ndinakwawa, tcheke tcheke tcheke osapuma, sinnafune nkuyang'ana komwe pa sikirini kuopa kutaya mphindi. Kawiri konse anthu anandikuwiza kuti ndichoke poti ndinkalowa m'zithunzi zawo, kenanso ndinakwera kamulu kena nkusiya mapazi anga pamchenga wosalala umene bambo wina ankaudikirira kuyambira mdima, anandilankhula chilankhulo chimene sinnachimve koma tanthauzo ndinalimva. Ine osasamala, luso likakugwira sumva.

Dzuwa litafika pansi pa dongo, zonse zitayambanso kutuwa, ndinakhala pansi kuti ndione chuma changa. Kudina batani. Kamera imvekere mulibe khadi yosungira zithunzi.

Ndinadinanso. Ndinazimitsa nkuyatsanso. Ndinatsegula kachitseko kam'mbali, muli gwaa, mphako yokhayokha. Khadi inatsala mu laputopu, mutenti, makilomita oposa 60 kumbuyo. Ndipo makamera ena amalira bwinobwino tcheke olo mulibe khadi ngati sunawaletse, yanga ndi imodzi mwa amenewo, imangolemba kachenjezo pa sikirini yomwe ine ndinalumbira kuti sindiyang'ana ija. Ndimvekere alamu, inu mwajambulako pafoni? Amvekere ee, khumi ndi ziwiri. Zonse zinali nkhope yawo, kumbuyo kukuoneka kanthambi kamodzi.

Ndili chigwadire choncho manja ali kumutu, ndinamva wina akundigwira paphewa. Agogo aja. Anandionetsa sikirini yawo: mulu wofiira psuu, mtengo wakuda, ndipo pansi pake kamunthu kakang'ono katagona chafufumimba, thalauza itatsika pang'ono, kakujambula ndi mtima wonse. Amvekere unandiwonongera malo koma dzuwa linakugunda bwino.

Ananditumizira pa imelo patapita sabata. Ndinachisindikiza chachikulu, chili pakhoma pabalaza. Alendo akafunsa kuti koma chithunzi ichi munajambula ndinu, ndimangoti ndinalipo. Alamu anga akakhala pompo amadzuka nkukaloza ndi chala pamene ndinali.