Kumanga bedi lotentha pa printa yodzipangira

Printa yanga ya 3D ndinaipanga ndekha kunyumba kuno ku Kapata, potsatira kamangidwe ka Prusa i3. Fulemu yake ndi ya plywood, mabawuti ndinatola m'mashopu a ku Down Shops, ndipo Arduino Mega ndi bolodi ya RAMPS 1.4, zomwe zimayendetsa printa yonse, zinabwera pa basi kuchokera ku Lusaka. Miyezi yoyamba ndinkasindikiza pagalasi lozizira lomatapo tepi, zinthu n'kumatheka ndithu. Koma itafika June, chisanu chitayamba kutsika m'mapirimu, chilichonse choposa bokosi la machesi chinkapindika m'makona ngati chikopa chouma padzuwa. Pulasitiki ikamazizira imakhwinyata, ndiye mizere yapamwamba imakoka yapansi mpaka kuimatula pagalasi. Ndinaona kuti bedi lotentha, lofunditsa galasi lomwe printa imasindikizapo, silingazembeke.

Ndinaitanitsa la MK2B, bolodi yofiira ya mamilimita 214 mbali zonse, yokhala ndi timizere ta kopa tokhotakhota tomwe timatentha magetsi akadutsamo. M'mphepete muli malo atatu owotcherera waya. Pa mavoti 12, waya mmodzi amapita pa 1, winayo amagwira 2 ndi 3 pamodzi. Pa mavoti 24 mumangogwiritsa ntchito 2 ndi 3. Ndisanalumikize chilichonse ndinayeza ndi multimeter, n'kupeza ma ohm 1.2. Masamu ake ndi achidule: ma ampu 10, mawati 120. Ma ampu 10 si masewera, ndipo ine ndinawapeputsa. Ndinatenga waya wa sipika yemwe anali pafupi, ndipo patangopita mphindi zochepa anafunda mpaka chikopa chake kufewa. Ndinamuchotsa n'kugula waya wofewa wa 2.5 mm², wa tinsinga tambirimbiri mkati, osati wouma uja wa m'zipupa yemwe amathyoka mukamamupinda kawirikawiri.

Kuwotcherera kunandivutanso. Kopa wa pabolodi amamwa kutentha konse, moti kachitsulo kanga ka mawati 30 kankangosiya tizibulunga ta soda tosagwira. Ndinanyamula bolodi kupita kwa amalume, omwe amakonza mawailesi ndi ma TV pakhonde pawo. Anayang'ana ntchito yanga n'kupukusa mutu.

"Mphwanga, apa wamata phala. Soda yabwino imayenderera n'kuwala."

Ndi chitsulo chawo chachikulu inali ntchito ya mphindi ziwiri.

Kumanga bedi pathabwa loyenda kumafuna mabawuti anayi a M3, aatali pafupifupi mamilimita 35. Mabowo a m'makona atalikirana mamilimita 209, ndipo ndi bwino kuika bolodi pathabwa n'kulemba ndi pensulo kusiyana ndi kudalira rula. Bawuti imalowa kuchokera pamwamba, pansi pa bolodi mumanga nati kuti isamazungulire, kenako sipuling'i, kenako thabwa, ndipo pansi penipeni nati yosinthira msinkhu. Masipuling'i a m'mabolopeni musataye nawo nthawi. Ndi ofooka, bedi limagwedera likamabwerera mwaliwiro ndipo chosindikizidwa chimatuluka ndi mizere yamafunde. Pamafunika olimba, ofinyidwa pafupifupi theka. Galasi ndinakadulitsa kwa odula magalasi a mawindo, la mamilimita 3, kukula 200 ndi 214 kuti likhale pakati pa mitu ya mabawuti. Ndinapala m'mphepete ndi sandpaper n'kulipana ndi timakilipi ta mapepala takuda tija.

Nditayatsa koyamba ndinasangalala msanga. Madigiri 60, omwe pulasitiki ya PLA imafuna, anakwana bwinobwino. Nditalamula 100, poganizira ABS, pulasitiki ina yofuna kutentha kwambiri, nambala inakwera mwaulesi n'kukaima cha m'ma 90, osasunthanso. Ndinapisa dzanja pansi pa bedi: thabwa linali lotentha ngati chiwaya. Bolodi ija sisankha mbali, imatenthetsa pansi mofanana ndi pamwamba, ndiye gawo lalikulu la mawati anga linkawotcha plywood ndi mpweya wa m'chipinda. Choipa china n'chakuti thabwa likatentha limapindika pang'ono, ndipo msinkhu womwe ndinakonza m'mawa umakhala utasokonekera pofika masana. Masiku amene malaiti akubwera mwa maola owerengeka, kudikira bedi theka la ola kumapweteka mtima.

Maganizo oyamba anali oti ndiitanitse bedi lina lamphamvu. Amalume anangoseka, amvekere mphika wopanda chivundikiro sauonjezera nkhuni.

Ndiye ndinayamba kusaka chotsekera pansi. Thovu loyera lija lomwe amakutira mawailesi atsopano linali lambiri kwa amalume, koma limenelo limafewa cha pa madigiri 100, pomwe ine ndikufuna kufikapo. Katoni imagwira ntchito, ndipo ndinaiyesa masiku awiri. Kusintha kunaoneka, koma inkagwa pakati ndipo mtima sunkakhala m'malo kusiya pepala litagunda chotenthetsa usiku. Chomwe chinandithandiza ndinachipeza kushopu ya masipeya a galimoto: chipepala cha cork chomwe amakanika amadulapo magasiketi. Cork ndi khungwa la mtengo lodzaza ndi timabowo ta mpweya, sililola kutentha kudutsa msanga, ndipo madigiri 110 silikhala nawo vuto. Ndinadula zidutswa ziwiri za mamilimita 3 n'kuzisanjikiza.

Kadulidwe kake ndi komwe kamafuna kudekha. Makona onse anayi ndinawadula kuti masipuling'i aziyenda momasuka, chifukwa cork ikapanikizika pakati pa bolodi ndi thabwa, nati mungaizungulitse bwanji bedi silitsika, m'malo mwake bolodi imapindika pakati. Pamalo owotcherera waya ndinasiya mpata. Pachidutswa chapamwamba ndinasema kanjira kochokera pakati kupita m'mphepete, modutsa tiwaya ta thermistor, kachipangizo koyeza kutentha kwa bedi. Pomata ndinadontheza silikoni wofiira wa magasiketi, wopirira moto, malo asanu okha, n'kuzunguliza tepi ya Kapton, yopirira kutentha, m'mbali. Kunsi kwenikweni ndinayala foyilo ya kukhitchini yoyang'ana thabwa. Foyilo imadutsa magetsi, choncho ndinaidula kutali ndi malo a soda, chala chathunthu.

Thermistor ndiye inandichititsa manyazi. Ndi kamkanda kagalasi kochepa ngati njere ya mapira, ka ma ohm 100,000 pa madigiri 25, ndipo kakamatentha nambala imeneyi imatsika. Kamalowa pabowo la pakati pa bolodi, mawaya ake n'kupita pa T1 ya RAMPS. Nditatseka zonse bwinobwino n'kuyatsa, printa inalira n'kulemba MAXTEMP, kutanthauza kuti kutentha kwapyola malire, bedi lili lozizira. Timiyendo take tiwiri tinagundana pansi pa cork, printa n'kuona ngati kwayaka moto. Ndinamatula zonse, silikoni ndi tepi yomwe, n'kukuta mwendo uliwonse pawokha ndi Kapton. Waya akaduka, uthenga umakhala MINTEMP. Yezani musanatseke, ndipo mu Marlin, pulogalamu yoyendetsa printa, onetsetsani kuti THERMAL_PROTECTION_BED ndi yoyatsa, kuti kamkandako kakasomphoka printa izime yokha m'malo motenthetsa mpaka kalekale.

Mawaya aakulu aja ndinawamangirira kuthabwa ndi ma cable tie, kuti bedi likamapita uku ndi uku pazipindika waya, osati pa soda. Ndinayezanso mavoti pabedi penipeni likugwira ntchito n'kupeza 11.2. Zikuoneka zochepa, koma mphamvu imatsika kuchoka pa mawati 120 kufika cha pa 105. Ndinafupikitsa waya, kumangitsa tizomangira ta pa D8, pomwe mawaya a bedi amalowa pa RAMPS, n'kupotoza pang'ono kosinthira ka pa power supply mpaka pabedi panaoneka 12.

Ulendo uno madigiri 100 anakwana pasanathe kotala la ola, ndipo thabwa linali lofunda chabe. Ndinaphunziranso kuti nambala ya pasikirini imatsogola: thermistor ili pansi mofunda, pomwe pamwamba pa galasi pamachedwa, choncho ndimadikira mphindi zitatu kapena zisanu ndisanayambe. Msinkhu nawo ndimakonza bedi lili lotentha, ndi pepala wamba pansi pa nozzle, kamlomo kotulutsa pulasitiki, kona ndi kona, kuzungulira kawiri, mpaka pepala lizikoka pang'ono paliponse.

Chatsala ndi MOSFET ya pa RAMPS, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa magetsi a bedi, yomwe imatentha moti chala sichikhalapo, komanso fyuzi yachikasu ya ma ampu 11 yomwe ili pafupi kwambiri ndi malire ake. Pakadali pano ndaikapo kachitsulo koziziritsa ndi kafani ka mukompyuta yakale. MOSFET yapadera ndaitanitsa, ibwera ndi basi ya sabata yamawa. Chinthu choyamba chachikulu chomwe ndinasindikiza chinali chogwirira foni cha panjinga ya mnzanga, maola anayi, makona onse ali gwa pagalasi. Ndinachisiya kuti chizizire ndikudya nsima, ndipo ndili mkati mosamba m'manja ndinamva kuti "thwa" kuchipinda, chitadzimatula chokha.