Tchalitchi cholandira kuwala kuchokera pamwamba

M'phunziro la mbiri ya zomangamanga tafika pa matchalitchi a ku London a kamangidwe ka baroque (kamangidwe kodzaza zokongoletsa ka ku Ulaya ka m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700), ndipo chomwe chanditengera nthawi yambiri ndi St Mary Woolnoth, pamphambano ya Lombard Street ndi King William Street. Pulani yake anajambula ndi Nicholas Hawksmoor, yemwe anaphunzira ntchito kwa katswiri wotchuka wa zomangamanga, Christopher Wren. Anayamba kumanga mu 1716 n'kumaliza mu 1727, ndi ndalama za msonkho wa malasha, potsatira lamulo la 1711 lofuna matchalitchi atsopano 50. Chiwerengerocho sanachikwanitse n'komwe.

Vuto la Hawksmoor linali malo. Puloti inali yopanikizika, nyumba mbali zonse, tinjira tating'ono. King William Street yomwe ikuchionetsa bwino lero inadzalambulidwa m'zaka za m'ma 1830. Ndiye mawindo a m'mbali akanalowetsa chiyani, kupatula phokoso la mumsewu? Khoma loyang'ana ku Lombard Street sanaliboole ayi. Anangolikumba mapanga atatu akuluakulu, ozunguliridwa ndi miyala yosemedwa mwamphamvu, oti ukawaona patali umayesa mawindo. Kuwala analowetsera pamwamba. Mkatimo muli zipilala 12, zoima zitatuzitatu pa ngodya zinayi, ndipo zanyamula chigawo chapakati chomwe chakwera kupitirira denga lozungulira. M'makoma a chigawocho ndimo muli mawindo akuluakulu ooneka ngati theka la mwezi. Nditayesa kujambula pulaniyi m'kope, ndinaona kuti ndi bokosi laling'ono mkati mwa bokosi lalikulu, basi. Kwa ine nzeru yonse ili pomwepo. Tinsanja tiwiri takutsogolo tomwe anthu amakonda kujambula ndimangotiona ngati zokometsera.

John Newton, yemwe kale anali kaputeni wa sitima yonyamula akapolo kenako n'kudzatsutsa malondawo, anatumikira pano monga wansembe kuyambira 1780 mpaka imfa yake mu 1807.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 kampani ya njanji ya City and South London Railway inafuna kugwetsa tchalitchichi kuti imange siteshoni ya Bank, ya sitima zapansi panthaka. Anthu anakana. Mapeto ake anafukula mafupa omwe anali m'chipinda chapansi n'kukawaika ku Ilford, makoma ndi zipilala zija anazikhazika pa zitsulo zikuluzikulu, ndipo siteshoni anaikumba pansi pake.