Kusikelo tisamangoyang'ana kulemera kwa mwana

Kuno ku Senga Bay mwana akachedwa kukhala, aliyense amakhala ndi chonena. Ena amati ndi tsempho, ena amanong'ona kuti bambo ake anamukhwimira. Agogo nawo amati ana aamuna ndi aulesi, adzayenda nthawi yake ikakwana. Mawu a agogowa ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ndi okoma m'khutu ndipo mayi akawamva amangokhala phee kudikira.

Mwana wa achemwali anga anakwanitsa chaka asanayambe kukhala yekha. Ukamukhazika pamkeka ankagwera chammbali. Thupi linali lonona bwino, mzere wa m'buku la sikelo unkakwera mwezi ndi mwezi, choncho tonse tinkati ali bwinobwino. Chimene chinandigwira mtima ndi ichi: ndinkati ndikamuitana dzina osacheuka, koma belu la kabaza likalira kumsewu ankatembenuka pompo. Sankaloza chala kuti atisonyeze kanthu, ngakhale bwato likudutsa panyanja. Ankangozunguza chivundikiro cha poto kwa nthawi yaitali, osayang'ana munthu m'maso.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linapeza mu 2006 kuti ana ambiri amakhala okha pakati pa miyezi 4 ndi 9, ndipo amayenda okha pakati pa miyezi 8 ndi 18. Mpata wake ndi waukulu ndithu, ndiye wanu akatsalira pang'ono kwa wa aneba musataye tulo. Komanso kuchedwa pakokha si umboni wa autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi anthu. Malungo aakulu, amene kunyanja kuno timawadziwa bwino, kunyentchera ndi mavuto a pobadwa zimachedwetsanso mwana. Koma kuchedwako kukaphatikizana ndi kusacheuka, kusaloza, kapena kuiwala mawu amene ankawatchula kale, pamenepo mpofunika achipatala amuone. Autism imatha kuzindikirika mwana ali ndi zaka 2, ndipo sibwera chifukwa cha katemera.

ADHD, vuto loti mwana amalephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndi nkhani ina. Madokotala saitchula mwana asanafike zaka 4, chifukwa mwana wa zaka 2 wosakhazikika ndi mwana basi.

Ndinawapempha achemwali kuti tsiku la sikelo asangomupachika mwanayo pasikelo n'kubwerako. "Achemwali, mukawauze alangizi a zaumoyo zonse, za dzina zija, za chivundikiro zija, musakachite manyazi." Anakanena, ndipo anatitumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Anatiphunzitsa masewera olimbitsa msana ndi khosi, ndipo timamuchitira m'mawa uliwonse asanadye phala. Pano amayenda chogwirira khoma. Kulankhula sanayambe, ndipo tikupitabe naye kuchipatala.