Mawu anga abwerera, zikomo achimwene

Sindinagone. Ndalowa m'nyumba m'bandakucha, nsapato zikadali kuphazi, pakhosi pauma gwa, koma ndati ndilembe kaye mtima usanazizire.

Dzulo ndinaima pasiteji ola lathunthu, ndekha ndi maikolofoni, holo itadzaza. Ambirinu mukudziwa kumene ndachokera. Miyezi 11 yapitayo mawu anandithera ndili pakati pa nthabwala. Adokotala anapeza tizotupa pa timinofu totulutsa mawu, akuti chifukwa chokuwa usiku pasiteji, masana n'kukayesereranso sewero, pakhosi osapapumitsa. Anandiletsa kulankhula, ngakhale kunong'ona, poti nako kumatopetsa pakhosi. Gawo lomwe ndinapatsidwa mufilimu linapita kwa wina. Sindiwaimba mlandu, tsiku lojambula linali litaikidwa kale. Koma ndinalira.

Achimwene anga a pamakina okuzira mawu, inu amene mumakhala kumbuyo kwa holo mumdima, dzina lanu osalembedwa papositala, ndiyambire pati? Sitinabadwe bere limodzi, koma Loweruka lililonse munkabwera ndi kope lija lachikuto chong'ambika. Ine ndinkalemba, inu n'kumawerenga mokweza, ine wotchi ili m'manja, kumagogoda patebulo pamene pakufunika kuima kaye mawu omaliza asanagwe. Anzanga a ntchitoyi akudziwa kuti nthabwala ikakhala papepala imakhala isanabadwe, mpaka khutu la munthu liimve. Ndipo simunandisekerepo mondimvera chisoni. Ikakhala yosakoma munkangotembenuza tsamba. Nthawi imeneyo zinkandiwawa, koma ola ladzulo latuluka m'masamba omwe anapulumuka m'manja mwanu.

Gulu lathu la zisudzo, zikomo. Munandipatsa gawo lopanda mawu, la wantchito wongolowa n'kutuluka, kuti ndisaiwale fungo la siteji. M'menemo ndinaphunzira kuti nsidze ndi mapewa nazo zimalankhula. Dzulo pomwe anthu anaseka mpaka kugwira nthiti ndi pomwe ndinangokhala chete n'kuyang'ana mzere wakutsogolo. Chimenecho ndinachitenga kwa inu.

Amayi, mapemphero anu a m'mawa aja ndinkawamva kuseri kwa chitseko. Mulungu wanga, munatseka pakamwa panga ndipo mwatsegulanso, ulemerero ukhale kwa Inu. Nanunso amayi ena aja ondiphunzitsa kupuma ndi kutulutsa mawu mosadzipweteka, Ambuye akudalitseni.

Ena mafoni anu anasiya kulira sabata yomwe mawu anathayo. Tinkagawana mphindi pasiteji imodzi, ndinkakulemberani mizere usiku osalipiritsa. Dzulo ndinakuonani pakhomo mukufuna chithunzi. Tinajambulitsa, palibe kanthu, koma ndinaona.

Ndibwererenso kwa achimwene. Nditaloledwa kuyambiranso, ndinabwerera pomwe aliyense amayambira: mphindi 5 pausiku wa ongoyamba kumene, kenako 10, kenako 20. Tsiku loyambalo manja ankanjenjemera. Munabwera kuseri, n'kundikonzera maikolofoni pafupi ndi mlomo, n'kunena kuti, "Mng'ono wanga, kukuwa ndi ntchito ya chipangizochi, iwe uzingolankhula." Munakweza sipika yoyang'ana kwa ine ija kuti ndizidzimva ndekha, ndisamadzikakamize. Zaka zonsezi palibe anandiuzapo zimenezi.

Dzulo chapakatikati mawu anasasa pang'ono, mantha akale aja n'kundigwira m'mimba. Ndinayang'ana kumbuyo, ndinaona katochi kanu kakuphethira kawiri monga tinapanganirana. Ndinamwa madzi, n'kupitiriza. Anthu sanadziwe kalikonse.

Nonse amene munagula matikiti musanadziwe ngati ndidzafika kumapeto, ndilibe mawu okwanira. Lero ndi mawa mafoni sindiyankha, pakhosi pakufunika kupuma, lembani uthenga ndiwerenga wonse.

Achimwene, kope lija musalitaye. Kumapeto kuli masamba omwe sitinawayesebe, ndikudikirani Loweruka.